Chitseko cha Mkwatibwi ndi Maliro

Kurahama, Japan
6 Malichi 1988

Achimwene a Tokuji,

Kuno kuzizira kwayamba kutha, ndipo mtengo wa mapulamu wa kuseri kwa nyumba wachita maluwa. Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Zuleide, anyamata ndi nkhuku zanu zonse muli bwino ku Brazil konko.

Khalani pansi musanapitirize kuwerenga, koma musalire, palibe wamwalira. Amayi anagwa mwezi watha. Anakwera pa kampando kuti apukute fumbi pa kashelefu ka milungu, ine nditawaletsa, ndipo anathyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni inayenda bwino. Mutu ndi wabwinobwino, pakamwa ndiye pakadali lumo, anamwino akulira nawo. Koma adokotala andiuza mosabisa kuti kuyenda ndiye kwatha, aziyendera chikuku, mpando wa matayala uja. Kunyumba adzawalola kubwera pokhapokha ataphunzira kudzisuntha okha kuchoka pabedi kupita pachikuku, komanso ngati chikukucho chingathe kulowa m'nyumba. Zikapanda kutero, awapezera kale malo ku nyumba ya okalamba ya kuseri kwa phiri. Amayi atamva zimenezi anatembenukira kukhoma osayankhula tsiku lonse. Chibadwire sindinawaonepo ali chete chotero, ndipo ndinachita mantha.

Khomo lathu mukulikumbukira. Kachitseko kakang'ono kaja, kobooledwa pakati pa chitseko chachikulu, kamene munkagunditsapo mutu mpaka amayi ankati nzeru zanu zinatayikira pomwepo. Munthu amalowa chowerama n'kudumpha thabwa la pansi. Chikuku sichingadutse, ngakhale mutachipaka mafuta.

Chimene simukudziwa n'chakuti msewu wathu tsopano ndi wotetezedwa. Nyumba zamdima zomwe tinkachita nazo manyazi zija akuti ndi chuma cha dziko, alendo akumabwera kudzazijambula. M'kati ukhoza kuchita zofuna zako, koma kumaso kwa nyumba, kooneka kumsewu, sungasinthe ngakhale msomali popanda chilolezo cha komiti. A Shimaoka ogulitsa tofu, chakudya cha soya chija, anapenta chitseko chawo chobiriwira. Komiti itawalamula, anathera chilimwe chonse akupala penti, uku akutukwana chamumtima.

Nyumba ili m'dzina lanu monga mwana woyamba, n'chifukwa chake ndikufunsa maganizo anu. Ndalama sindikupempha, ndikumva kuti za kwanuko ukalandira m'mawa, pofika madzulo zimangogula machesi. Khofi yekha tumizani, uja anatha kalekale.

Mlongo wanu,
Fusae

Bastos, Brazil
2 Epulo 1988

Fusae mlongo wanga,

Kalata yako yandipeza ndili m'khola, ndipo ndaiwerenga nditaimirira, chifukwa ine munthu sandiuza pokhala. Tonse tili bwino. Nkhuku zikuikira moti mazira tikusowa powayika. Uwapatse moni amayi, uwauze kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu sakwera pa mpando, milungu ikhoza kupirira fumbi.

Za khomozo sindikuona chovuta. Gwetsani kumaso konseko, muike chitseko cha galasi ndi aluminiyamu chotsetsereka, muthire simenti yotsetsereka mpaka kumsewu. Ntchito ya masiku ochepa imeneyo. Ine kuno ndinamanga khola lonse la nkhuku popanda kupempha munthu. Komiti imeneyo inalipo pamene denga linkadontha, ife tikutchera mabeseni? Uwauze kuti mwini nyumba walamula. Akavuta, boolani kuseri.

Zuleide akuti ndikuyankhula ngati bwana pamene ndili kutsidya kwa dziko. Iye nyumbayo sanaionepo, amangoidziwa pa chithunzi, koma wayamba kale kuikira kumbuyo komiti. Wayatsa kandulo ku tchalitchi kwawo kupempherera amayi. Khofi ndatumiza, wosankha bwino.

Ku nyumba ya okalamba kokhako ayi, Fusae. Ndikaganiza amayi akudya mpunga wophikidwa ndi munthu wosawadziwa, tulo sindilipeza.

Ndine mchimwene wako,
Tokuji

Kurahama
9 Meyi 1988

Achimwene,

Khofi wafika, zikomo. Malangizo anu afikanso, ndipo ndawasunga pamalo abwino pomwe sangavulaze munthu. Zaka zakuchulukirani kunjako mpaka mwaiwala kuti kuseri kwathu kuli ngalande. Mukufuna amayi azilowa pa bwato?

Ku komiti ndinapita. Wapampando ndi a Kuwata, aphunzitsi opuma aja, amene amayankhula za nyumba za mumsewu muno ngati adzukulu awo. Aluminiyamu anakana. Simenti anakana. Kukulitsa kachitseko anakana. Amakana mowerama ndi mopepesa, moti umachoka ukuthokoza, n'kudzakwiya utafika kale kunyumba. Ndinawafunsa ngati thabwa lili lofunika kuposa munthu. Anafiira makutu, n'kunena kuti abwera kudzaona okha.

Anabweradi. Anayang'ana kachitseko, anayang'ana chitseko chachikulu, kenako anandifunsa kuti, “Nanga bwanji osangotsegula chonsechi?”

Zoona, chitseko chonsecho chimakwezedwa m'mwamba ndi chingwe, ndipo thabwa la pansi limazulidwa, poti kale ngolo za mchere zinkalowa mpaka m'kati. Ine ndimadziwa, inunso mumadziwa. Koma mukudziwanso lamulo la m'nyumba muno, limene agogo anaika malonda a mchere atatha: chitseko chachikulu chimatsegulidwa polowa mkwatibwi ndi potuluka maliro basi. Komaliza chinatsegulidwa pa maliro a bambo. Kuchokera pamenepo nyumba inapendekera kumanzere, chitseko chinakanirira, ndipo ine m'mutu mwanga chinasanduka khoma.

A Kuwata anasangalala ngati mwana. Kusintha n'koletsedwa, koma kubwezera chinthu momwe chinalili kale, komiti imaombera m'manja, imathandizanso kulipira. Kungoti chilichonse chichitike mwachikale. Misomali ikhale yosula pamanja. Mtengo ukhale wa mtundu womwewo. Khoma la m'mbali alimatenso ndi dothi losakaniza ndi mapesi a mpunga, lomwe amaliviika kuti liwole kaye. Fungo lake, achimwene, khola lanu la nkhuku n'lonunkhira. A Hamaoka, akalipentala, alowetsa jeke pansi pa mzati kuti adzutse nyumba pang'onopang'ono. Akuti nyumba yakale ili ngati nkhalamba, ukaidzutsa mofulumira imathyoka. Ndinawauza kuti nthabwala imeneyo asadzainene pamaso pa amayi.

Amayiwo sindinawauze. Mukuwadziwa, angakane ntchito isanayambe. Ndidzawauza zonse zikatha, poti chinthu chomalizidwa n'chovuta kuchikana. Mafizo akuchita bwino, dzulo anadzikweza okha ndi manja, uku akuuza namwino kuti wavala diresi lomufinya.

Fusae

Chipatala cha Kurahama
15 Meyi 1988

Iwe Tokuji,

Ndine mayi ako. Dzanja likunjenjemera, koma uwerenga, zolemba zako zinali zoipa kuposa izi.

Mkazi wa Shimaoka anabwera kudzandiona. Wandiuza kuti Fusae waitana Hamaoka ndipo akukonza chitseko chachikulu. Fusae sanandiuze. Amabwera tsiku lililonse, kumwetulira mano onse pamtunda, kundibweretsera makeke a nyemba amene kale ankandiletsa. Adokotala nawonso akumwetulira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Fusae sakukwatiwa, ndipo mkazi sakwatiwa cholowa kwawo. Mkwatibwi palibe. Chatsala ukuchidziwa.

Sindikudandaula. Ndadya zambiri, ndaona zambiri. Ndikuyamikanso mlongo wako pokonzeratu, chifukwa pa maliro a bambo ako chingwe chinaduka, bokosi linadikira panjira, anthu n'kumatiseka. Usamuuze kuti ndadziwa, akuyesetsa mwana uja.

Ngati ndalama ilipo ubwere. Ngati palibe usabwereke. Ndikungofuna kuona ngati unachita dazi ngati bambo ako.

Mayi ako,
Kinu

Kurahama
12 Juni 1988

Achimwene,

Mvula yayamba, dothi la a Hamaoka likukana kuuma, ndipo inu simunayankhe kalata yanga. Koma chondilembetsa ndi china. Amayi asiya mafizo. Namwino akabwera, amamuuza mokoma mtima, zomwe sizinachitikepo, kuti akathandize odwala ena amene ali ndi tsogolo. Makimono awo onse, zovala zawo zamwambo zija, agawa. Yamaluwa a fuji ija, yomwe ine sankandilola ngakhale kuikhudza, apatsa mkazi wa Shimaoka. Akudya maswiti, akuimba nyimbo zakale, nkhope ikuwala. Ndikawafunsa amangondisisita dzanja n'kunena kuti ndine mwana wabwino. Ine, mwana wabwino! Pamenepo ndiye ndadziwa kuti china chalakwika.

Adokotala akuti manja ayamba kufooka, ndipo akapanda kuyambiranso, chilimwe chikamatha awasamutsira kuseri kwa phiri. Chitseko chatsala pang'ono kutha, koma wolowapo ndi amene akundipulumuka m'manja. Ndagwira njakata. Alembereni, mwina inu akumverani.

Fusae

Bastos
14 Juni 1988

Fusae,

Moni sindikupatsa. Kuchokera mu Malichi sunandilembere ngakhale mzere umodzi, ndipo nkhani yaikulu chotere ndikuimva kwa wodwala mwiniwake. Amayi akudziwa zonse. Akudziwa za chitseko. Unkafuna ndidzamve atayikidwa kale?

Ndagulitsa theka la nkhuku kwa mnansi wanga pamtengo wolira, ndasoketsa suti yakuda, tikiti ndagula. Mwina ndifika kalatayi isanafike. Uuze adokotala achite chilichonse kuti ndiwapeze akupuma.

Ndakwiya nawe, komabe ndikudziwa kuti wasenza wekha. Limba mtima, ndikubwera.

Tokuji

Kurahama
3 Julayi 1988

Zuleide wanga,

Ndafika bwino. Uuze anyamata asalire, agogo awo ali moyo, ndipo akudya kuposa ine. Usaseke mpaka umalize kuwerenga.

Nditatsika sitima sindinapite kunyumba. Ndinathamangira kuchipatala, suti yakuda ili m'thupi, thukuta kamukamu. Ndinawapeza amayi atakhala pabedi akusenda pichesi. Achepa, Zuleide, achepa ngati kamwana. Ndinagwada pansi n'kulira mokweza, odwala onse m'chipindamo n'kuyamba kulira nawo. Amayi anandigwira pamutu, anati dazi langa laposa la bambo, ndipo anayamba kundiuza nyimbo zoti zidzaimbidwe ndi anthu oti asadzaitanidwe.

Pamenepo analowa Fusae atanyamula zovala zochapa. Ataona suti yanga anafunsa kuti wamwalira ndani. Ine ndinamukalipira, iye anandikalipira, amayi n'kumatiletsa kuti tisakangane pa maliro awo. Zinatenga nthawi kuti timvane. Chitseko akuchikonzera chikuku, kuti amayi alowe, osati atuluke. Fusae akuti anandilembera zonse mu Meyi. Ataimvetsa nkhani, Fusaeyo anaseka mpaka kukhala pansi, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira.

Mawu oyamba a amayi anali akuti wina apite kwa Shimaoka akatenge kimono yawo.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma mavuto anali akuyamba kumene. Fusae atawafotokozera kuti azilowera pa chitseko chachikulu, anakana kwamtuwagalu.

“Ndine mkwatibwi ine? Ndine mtembo? Ndinalowa pamenepo kamodzi, ndidzatuluka kamodzi. Apongozi anga anasunga lamulo limeneli, ine ndalisunga, sindingaliphwanye chifukwa cha matayala.”

Fusae anawauza kuti akatero ndiye apita kuseri kwa phiri. Iwo anati apita. Ananena motsitsa, akuyang'ana pawindo, ndipo ndinaona kuti akuopa koma sabwerera m'mbuyo. Madzulo ndinakaona chitsekocho. A Hamaoka anakoka chingwe, chinakwera mwakachetechete ngati chilibe kulemera, kuwala n'kulowa mpaka kukhitchini. Ndinakulira m'nyumba imeneyi, koma sindinkadziwa kuti mizati yake ndi yofiirira. Ndinachita manyazi ndi aluminiyamu wanga uja.

M'mawa mwake amayi ananditumizira uthenga kuti ndipite ndekha. Ndinawapeza atapesa tsitsi, maso ali gwa ngati munthu wokonzeka kutsatsa malonda. Anandifunsa kuti iwe unalowera khomo liti. Ndinati khomo la tchalitchi cha ku Bastos, iwonso chithunzi ali nacho.

“Chithunzi ndili nacho, ndatopa n'kuchipukuta. Ndikufunsa za khomo la nyumba ino. Mkazi wa mwana woyamba amene sanalowe pa chitseko chachikulu, ukwati wake sunathe. Muitane. Chitseko chitsegulidwira iyeyo. Ine ndingolowa nawo ngati katundu.”

Nditawauza kuti ulendo ndi wodula, anati nkhuku zina zatsala. Kenako anandiuza, osandiyang'ana, kuti pamene ankaganiza kuti akufa, chinthu chimodzi chokha chinkawawawa: kuti mkazi amene wakhala akudyetsa mwana wawo zaka zonsezi sanamuthirirepo tiyi. Atatero anaitana namwino, n'kumufunsa chifukwa chake wachita ulesi ndi mafizo.

Ndiye bwera, Zuleide. Gulitsa zofunika kugulitsa. Ndikudziwa kuti ndege umaiopa, koma popanda iwe amayi salowa m'nyumba mwawo.

Mwamuna wako,
Tokuji

Bastos
24 Julayi 1988

Tokuji,

Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala pachibwenzi? Ana akuluakulu awa, ndevu pepeya, ndabereka ndisanakwatiwe? Bambo mfumu ndawauza, aseka mpaka kutsokomola.

Kalata ya Fusae ya mu Meyi yafika dzana, apositi atathetsa sitalaka yawo. Mkazi wa mnansi wathu wandiwerengera. Ukanadikira pang'ono nkhuku zathu zikanakhalapo, koma iwe kudikira unakusiya m'mimba mwa amayi ako.

Ndikubwera. Diresi laukwati lakana kudutsa m'mapewa, ndiye apongozi aone chondiveka. Uwauze kuti ndine wamtali, wonenepa, ndimaseka mokweza ndipo Chijapani ndimadziwa mawu otukwanira nkhuku okha, amene unandiphunzitsa iwe. Ngati akundifunabe, ndege ndikwera. Uwauzenso kuti amayi anga anamwalira ndili mtsikana, ndipo tiyi wawoyo ndamudikira nthawi yaitali.

Suti yakudayo usaitaye, uvala pa ukwati.

Zuleide

Kurahama
20 Novembala 1988

Tokuji ndi mpongozi wanga,

Masamba a mitengo ya kukachisi afiira. Ndikuwaona ndili pakhomo panga. Ndamva kuti munafika bwino, ndipo nkhuku zotsala sizinafe. Iwe Tokuji, kalatayi umuwerengere mkazi wako yonse, osadumpha.

Mpongozi, tsiku lija sindinayankhule zambiri chifukwa anthu anachuluka, ndiponso womasulira wathu, Tokuji, ankangolira. Ndiye ndinene pano. Kimono ya maluwa a fuji inakulekeza m'miyendo, lamba tinachita kulumikiza, ndipo unkayenda ngati msilikali. Mkazi wa Shimaoka anati sanaonepo mkwatibwi wotero. Inenso sindinamuonepo, ndipo sindingamusinthanitse ndi wina.

Ndinali ndi nkhawa imodzi imene sindinauze munthu. Wokankha chikuku amakhala kumbuyo, ndiye woyamba kulowa ndikanakhala ine, pamene chitseko chatsegulidwira mkwatibwi. Ndinaganiza zimenezi njira yonse kuchokera kuchipatala. Titafika pakhomo, Hamaoka ndi Tokuji atakweza chitseko, iwe unaima, unandiyang'ana, n'kutembenuza chikuku. Unalowa chafutambuyo ukundikoka. Palibe anakuuza. Unayamba kuponda m'nyumba ndiwe, ine pambuyo, ndikuyang'ana msewu wonse utadzaza anthu, a Kuwata akujambula uku akupukuta magalasi. Ndinamva fungo la dothi latsopano ndi lubani wa pa guwa la bambo ako, Tokuji, ndipo ndinalira. Ndikuvomera, poti aliyense anaona.

Tiyi ndinathira wowawa kwambiri. Unamwa yense n'kupempha wina. Ndinadziwa kuti ukunama, ndipo ndinakondwa.

Tsopano za chitseko. Mutachoka, Fusae anayamba kudandaula kuti ukwati watha, nanga ndizituluka bwanji popita kuchipatala ndi kukachisi, poti lamulo ndi lomwe lija. Mwana ameneyu amadandaula ngati amalipidwa. Ndinamuonetsa pansi pa sitepe yokwerera m'nyumba. Nsapato zako zofiira zija, mpongozi, zimene munazifuna m'nyumba monse tsiku lonyamuka mpaka unapita ndi za Fusae zokufinya, zili pamenepo. Kuno nsapato za munthu zikakhala pakhomo ndiye kuti mwini wake ali m'kati. Mkwatibwi sanachoke, ukwati sunathe, choncho chitseko chimakwezedwa m'mawa uliwonse ndipo chimatsitsidwa madzulo. Ndinafunsa a Kuwata ngati komiti ili ndi mawu pa nsapato. Anati nsapato zili m'kati mwa nyumba, iwo ulamuliro wawo umathera pakhomo.

Ndimakhala pamenepo dzuwa likatuluka, bulangete pamiyendo. Alendo amandijambula pamodzi ndi nyumba, mwina akuganiza kuti nanenso ndine wotetezedwa. Ana asukulu amandipatsa moni. Mpunga ndikudya wophika Fusae, wofewa mopitirira monga kale, ndipo ndimamuuza tsiku lililonse.

Fusae akufuna kutumiza nsapatozo pa positi. Ndamuletsa. Mwini wake adzabwere kudzazitenga yekha, abweretsenso adzukulu anga ndiwaone, ndipo asafulumire kuzipeza. Khofi watsala pang'ono.

Iwe Tokuji, mzere wotsatirawu wokha ukhoza kuudumpha. Nsapatozo sizinasowe zokha, ndinazikhalira pachikuku mpaka sitima yanu itanyamuka.

Mayi wanu,
Kinu